Kodi Tom analakwa kuchoka? Zokambirana za sewero la The Glass Menagerie

Aphunzitsi a ku Dedza: Moni nonse apagulu. Monga tinapangana mwezi watha, lero tikambe za The Glass Menagerie, sewero la Tennessee Williams. Si lalitali, lili ndi magawo 7 ndipo olankhula ndi anthu anayi okha, choncho ndikhulupirira ambiri mwamaliza. Kwa amene mwalowa kumene, nkhani ikuchitikira mumzinda wa St. Louis ku America, kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene ntchito zinkasowa kwambiri kumeneko. Amanda Wingfield akukhala m'kanyumba ka lendi kopanikizika ndi ana ake awiri akuluakulu, Laura ndi Tom. Mwamuna wake, amene ankagwira ntchito kukampani ya matelefoni, anachoka zaka pafupifupi 16 zapitazo. Anangotumiza positikhadi imodzi kuchokera ku Mazatlán, ku Mexico, yokhala ndi mawu awiri, moni ndi kutsanzika, yopanda keyala. Chithunzi chake chikadali pakhoma, akumwetulira. Amene akudyetsa nyumba ndi Tom, ndi madola 65 pamwezi amene amalandira kunyumba yosungiramo nsapato. Laura amatsimphina pang'ono, ndi wamanyazi kwambiri, ndipo amakhalira kupukuta tinyama take tagalasi. Pomaliza Tom nayenso akuchoka ngati bambo ake. Funso langa loyambira ndi limodzi: analakwa?

Kondwani wa ku Joni: Sanalakwe aphunzitsi. Ine ndawerenga mpaka kumapeto mtima uli kwa Tom. Munthu amalawirira tsiku lililonse ku ntchito imene amadana nayo, ndalama yonse n'kuthera pa lendi ndi magetsi, koma akafika pakhomo alibe ngakhale kangodya koti n'kake. Pa tebulo mayi akumuuza katafunidwe ka chakudya. Akasuta, mawu. Akapita kukanema, mawu. Buku la D. H. Lawrence limene ankawerenga, mayi analitenga n'kukalibweza ku laibulale, ati ndi lonyansa silingakhale m'nyumba mwawo. Nyumba imene lendi yake akulipira ndi Tom yemweyo! Ine kuno ndimanyamula makatoni kuyambira m'mawa mpaka madzulo, dzuwa osaliona. Ukakhala m'malo otero umayamba kuwerenga zaka zimene zakutsalira. Tom amafuna kulemba ndakatulo, mpaka mnzake Jim ankamutcha Shakespeare. Akanakhala, akanafera m'makatoni a nsapato.

NaPhiri: Achimwene a ku Joni, ndakumvani. Koma ndalama ya magetsi ija mwaidumpha bwanji? Mayi ake anamupatsa bilu kuti akalipire. Iye anatenga ndalamayo n'kukalipira umembala ku bungwe la amalinyero kuti apeze malo pa sitima yapamadzi. Sanawauze. Anangomuuza Jim pakhonde, monong'ona. Ndiye magetsi akuzima pamene akumaliza kudya, usiku womwewo umene mayi awononga kandalama kawo konse kukonza nyumba chifukwa cha mlendo Jim yemweyo, woti adzaonane ndi Laura, nyale yatsopano, diresi latsopano la Laura. Kuchoka ndi nkhani ina, tikhoza kukambirana. Koma kusiya mayi ako ndi mlongo wako mumdima weniweni, wa kampani yamagetsi, ukudziwa kuti alibe pogwira, kumeneko ine sindikukuvomereza.

Kondwani wa ku Joni: Akanawauza akanamulola amayi?

NaPhiri: Anali atamulola kale. Werenganinso gawo 4. Amanda akumuuza Tom kuti waiona kalata yochokera kwa a zombo, akudziwa zimene akulota, ndipo akuti pita, koma Laura apeze kaye womusamala, akhale pa banja lake. Mayi ameneyu sakudzipemphera yekha ayi. Akunena yekha kuti iye wakalamba, za iye zilibe kanthu. Akupemphera mwana wake wamkazi.

Kondwani wa ku Joni: Kumeneko si kulola, ndi kumanga. Kumuuza munthu kuti udzamasuka tsiku limene Laura adzakwatiwe, pamene aliyense akuona kuti Laura sangathe n'kutsegulira mlendo chitseko, n'chimodzimodzi kumuuza kuti sudzachoka mpaka kale.

Mbewe wa ku Chipata: Apa a Kondwani mwanena zoona. Koma ine chimene chinandigwira ndi nkhani ya wamatsenga uja, Malvolio. Tom akubwera usiku kwambiri ataledzera, kiyi wamugwa, Laura ndi amene akumutsegulira. Ndiye akumufotokozera kuti anaona munthu atakhomeredwa m'bokosi lamaliro, n'kutulukamo osazula msomali ngakhale umodzi. Tom akuti matsenga amenewo ndi amene akuwafuna. Akudziwa yekha kuti misomali ya bokosi lake ndi anthu, mayi ake ndi mlongo wake, ndipo kutuluka kwake kulikonse kuzula wina. Pomwepo wolemba akuti chithunzi cha bambo chiwale, chifukwa bamboyo ndiye anatuluka ngati sanazule kanthu. Choncho Tom sanachite mosadziwa. Anayeza, n'kusankha.

Aphunzitsi a ku Dedza: Zikomo a Mbewe. Onjezanipo ichi: khomo lolowera m'nyumba ya a Wingfield lili pa makwerero achitsulo othawirapo moto ukabuka. Tom amakasutira pamenepo. Laura atatumidwa kukagula batala pangongole, akuterereka pa makwerero omwewo. Mmodzi amaima pothawira, winayo kungopondapo wagwa.

Tadala: Pepani akuluakulu, ndilowepo. Ndikuona ngati tikuweruza Amanda ngati tamuona ndi maso athu, pamene sitinamuone. Tom akutiuza poyambirira penipeni kuti seweroli ndi zokumbukira zake. Iye ndi wofotokoza komanso ali m'nkhanimo. Ndiye Amanda wolongololayu, wosatha kutseka pakamwa, wobwereza nkhani ya anyamata 17 amene anabwera kudzamuona Lamlungu limodzi masana ali mtsikana kwawo ku Blue Mountain, ndi Amanda wa m'mutu mwa mwana amene anamuthawa. Munthu wothawa amafunika chifukwa, ndipo akamakumbukira amakweza mawu amene ankamupweteka. Taonani kumapeto. Tom akulankhula mawu ake otsiriza, ife tikuona Amanda akutonthoza Laura koma sitikumva zimene akunena. Wolemba akuti pamenepo uchitsiru wake wonse wachoka, waoneka mayi waulemu. Mawu ake atangozimitsidwa, munthu wina waoneka. Ine ndikuganiza kuti Amanda ameneyo analipo kuyambira gawo loyamba, koma Tom sakanatha kumuyang'ana n'kuchokabe.

NaPhiri: Mwana wanga Tadala, wandilankhulira. Ine Amanda ndamuwerenga ngati mayi mnzanga. Amatopetsa, eya. Koma taonani zimene akuchita. Akuimbira amayi anzake foni mmodzimmodzi kuwanyengerera kuti apitirize kugula magazini, wina mpaka kumudulira foni ali pakati polankhula. Anasonkhanitsa madola 50 a fizi kuti Laura akaphunzire kutaipa ku Rubicam's Business College. Tsiku lina akupita kukafunsa mmene mwana akuchitira, akumva kuti analeka kalekale, atangopita masiku ochepa, anasanza pamaso pa anzake tsiku la mayeso a liwiro. Masabata onsewo Laura amadzuka m'mawa ngati akupita kusukulu, n'kumakazungulira kupaki m'nyengo yozizira, kukaona mbalame ndi nyama kumalo osungirako nyama, kukalowa m'nyumba yagalasi ya maluwa. Mayi aliyense amene anagulitsapo mandasi kuti mwana apite kusukulu akudziwa ululu wa tsiku limenelo. Ndipo mawu amene Amanda akulankhula pamenepo si a munthu wolota. Akufotokoza za akazi osakwatiwa amene anawaona kwawo kummwera, osungidwa m'kachipinda ndi mlamu wosawafuna, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ngati timbalame topanda chisa. Amanda akuliona tsogolo la Laura bwinobwino kuposa wina aliyense m'nyumbamo.

Kondwani wa ku Joni: Nanga bwanji amaletsa kuti mawu oti Laura ndi wolumala asatchulidwe m'nyumba? Tom atayesa kunena mwaulemu kuti mlongo wake ndi wosiyana ndi atsikana ena, kuti amakhala m'dziko lakelake la tinyama tagalasi ndi mbale zakale za galamafoni, mayi akukana kumva. Woona bwinoyo ndi ameneyo?

NaPhiri: Amaona, koma akatchula agwa. Achimwene, mukadzabereka mudzamvetsa kuti pali zinthu zimene kholo limadziwa usiku, masana n'kumazikana kuti lipeze mphamvu yophikira ana.

Mayi a Yami ku Leeds: Ndatuluka kumene ku shifiti yausiku, ndawerenga zonse mwalembazi. Ndiwonjezepo za wolemba, chifukwa zinasintha mmene ndinamvera gawo lomaliza. Dzina lake lenileni linali Thomas Lanier Williams, ndiye kuti Tom. Anabadwa mu 1911 ku Columbus, Mississippi, ndipo banja lawo linasamukira ku St. Louis iye ali mwana. Bambo ake ankagwira ntchito ku International Shoe Company, ndipo iyenso anagwirako m'zaka za m'ma 1930 bambo akewo atamuchotsa kukoleji. Anali ndi mlongo wake wamkulu, Rose, amene ankamukonda kwambiri. Rose anadwala matenda a maganizo, anamugoneka kuchipatala, ndipo mu 1943 anamuchita opaleshoni ya ubongo yotchedwa lobotomy, imene madokotala anaisiya pambuyo pake chifukwa inkawononga anthu. Williams sanalipo, anali atachoka kale kukasaka moyo wolemba. Seweroli linaonetsedwa koyamba ku Chicago pa 26 December 1944, pasanathe zaka ziwiri chichitikireni opaleshoniyo. Tsopano kumbukirani pamene kahatchi kagalasi ka nyanga imodzi kagwa pa tebulo Jim ndi Laura akuvina, nyanga n'kuthyoka. Laura sakulira. Akuti angoganiza kuti kachitidwa opaleshoni kuti kasamaoneke kachilendo, kafanane ndi mahatchi ena. Ine ntchito yanga ndi yosamalira odwala, ndipo nditafika pamenepo ndinatseka buku kaye.

Tadala: Aunt a ku Leeds, ndiye dzina lija la Blue Roses limene Jim anamupatsa Laura kusekondale si langozi.

Mayi a Yami ku Leeds: M'nkhanimo ndi kusamva bwino chabe. Laura anadwala matenda a m'chifuwa otchedwa pleurosis, atabwerera kusukulu Jim anamufunsa, iye n'kumva ngati wati Blue Roses, dzina n'kukhala. Koma wolemba amene mlongo wake ndi Rose sangaike dzina lotero mosadziwa. China choti a Kondwani adziwe: Williams sanamutaye Rose. Atapeza ndalama anamusamutsira kumalo abwinoko, ankakamuona, ndipo atamwalira mu 1983 chuma chake chochuluka anachisiya kuti chizimusamalira. Rose anakhala mpaka 1996. Mayi ake, a Edwina, anawapatsa theka la ndalama zochokera ku seweroli. Tom wa m'sewero sakutumiza kanthu. Wolemba anadzijambula moipa kuposa mmene analili.

Kondwani wa ku Joni: Koma zimenezo zikugwirizana ndi ine achemwali. Akanakhala ku kampani ya nsapato, ndalama yosamalira Rose mpaka 1996 ikanachokera kuti? Kuchoka kuja ndi kumene kunadyetsa onse.

Mbewe wa ku Chipata: Zinamuyendera, n'zoona. Seweroli litafika ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, pa 31 March 1945, Laurette Taylor akusewera Amanda, linatchuka mpaka kupata mphoto ya New York Drama Critics' Circle. Koma tsiku limene munthu akutseka chitseko sadziwa kuti zidzamuyendera. Ochoka ndi ambiri, a Williams ndi ochepa. Ndipo Tom wa m'sewero sanachoke ngati ngwazi. Anamuchotsa ntchito chifukwa cholemba ndakatulo pa chivundikiro cha katoni ya nsapato, kenako n'kumangoyenda mzinda ndi mzinda.

NaPhiri: Ndikuuzeni chifukwa chake nkhaniyi sindingaiwerenge mozizira. Bambo anga anapita ku Halale ine ndili wakhanda. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi kalata, kenako zii. Anatchona. Chithunzi chawo atavala jekete chinakhala pakhoma mpaka mayi anamwalira, ndipo tsiku lina lililonse ankachipukuta. Mchimwene wanga wamkulu ndi amene anasiya sukulu kuti atidyetse. Mayi ankamulondalonda ngati mmene Amanda achitira ndi Tom, akachedwa pang'ono kubwera, mafunso, akamva fungo la mowa, kulira. Ife tinkaona ngati nkhanza. Ndinazindikira nditakula kuti ankaona nkhope ya mwamuna wawo pa mwana wawo, ndipo mantha amenewo ndi amene ankatuluka ngati kulongolola. Amanda akumupempha Tom kuti alonjeze kuti sadzakhala chidakwa. Limodzi mwa mafunso ake oyamba za Jim ndi lakuti kodi amamwa. Mayi ameneyu anakwatiwa ndi mwamuna wokongola womwetulira, anasiya ana a eni minda ya thonje amene ankamufuna, ndipo wakhala akulipira chisankho chimenecho moyo wake wonse. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kondwani wa ku Joni: Pepani amayi, sindimadziwa. Achimwene anuwo anakhala?

NaPhiri: Anakhala. Anatiphunzitsa tonse atatu. Iwo sanakhale chimene ankafuna, ankafuna za umakaniko. Sindinawamvepo akudandaula, koma sindinganene kuti sizinawapweteke. N'chifukwa chake sindikunena kuti Tom ndi chilombo. Ndikungoti ndalama ya magetsi ija akanalipira.

Aphunzitsi a ku Dedza: Zikomo mayi potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndikufuna tisamusiye Jim, chifukwa Tom akumutchula kuti ndi nthumwi yochokera ku dziko lenileni. Inu mwamuona choncho?

Tadala: Ine ayi. Jim nayenso ali ndi tinyama take tagalasi, kungoti take timaoneka taulemu. Kusekondale anali katswiri wa basketball, mtsogoleri wa kalasi, wa mtsutso, woimba patsogolo m'sewero la nyimbo la The Pirates of Penzance. Aliyense ankati afika patali. Patha zaka 6, ali kalaliki pamalo omwewo pamene pali Tom, kusiyana kwake madola 20 okha. Amakonda kucheza ndi Tom chifukwa Tom amakumbukira ulemerero wake wakale. Ndipo taonani mmene akusangalalira Laura atatulutsa buku la chaka la kusukulu ndi pulogalamu ya sewero lija imene anasunga zaka zonsezi. Akuisainira ngati munthu wotchuka. Amanda ali ndi Blue Mountain, Jim ali ndi sekondale. Usiku amaphunzira za mawailesi ndi kulankhula pagulu, akukhulupirira kuti wailesi yakanema ikubwera ndipo iye adzakhala m'gulu loyamba. Maloto ake ayang'ana kutsogolo, a Amanda ayang'ana kumbuyo, basi.

Mbewe wa ku Chipata: Komatu pa wailesi yakanema analondola, inabweradi. Ndipo ine ndimuikira kumbuyo pang'ono. M'sewero lonse ndi Jim yekha amene anakhala pansi ndi Laura, pansi penipeni, kandulo pakati, n'kumufunsa za iye mwini. Laura akumuuza kuti chitsulo chimene ankavala kumwendo chinkamveka ngati bingu akamakwera masitepe kupita kumbuyo kwa kalasi ya nyimbo, Jim akuti iye sanamvepo kanthu. Mayi ake sanamuuzepo zotero mwa njira yoti akhulupirire, Tom ngakhale amamukonda sanamuuzepo. Mtsikana amene analephera kukhala pa tebulo, patapita kanthawi akuseka, akuvina nyimbo yochokera ku Paradise Dance Hall kutsidya kwa kanjira. Akumupatsa Jim kahatchi kake kuti akagwire, kamene wakhala nako zaka 13.

Mayi a Yami ku Leeds: N'kumupsompsona ali ndi chibwenzi choti akwatirana mu June. A Mbewe, pamenepo palibe chomuikira kumbuyo. Ankadziwa za Betty pamene ankalowa m'nyumbamo. Anaona yekha kuti mtsikanayu ndi wosalimba, mpaka anamuuza kuti vuto lake ndi kudziona wotsika. Munthu amene wazindikira zimenezo sayesera mankhwala ake pa wodwala kenako n'kuyang'ana wotchi kuti akachingamire wina kusiteshoni. Ndimaona anthu otere kuntchito, obwera tsiku limodzi ndi mtima wabwino, kumulonjeza wodwala zambiri, osadzabweranso. Otsala ndi amene amatola zidutswa.

Mbewe wa ku Chipata: Sindikukana. Koma sananame, ananena yekha za Betty pomwepo, pamene akanatha kungolonjeza kuti adzaimba foni n'kusowa.

Mayi a Yami ku Leeds: Ananena atapsompsona kale.

Kondwani wa ku Joni: Ndipo mlandu wonse unagwera Tom. Mayi akumukalipira kuti wawachititsa manyazi, wabweretsa chibwenzi cha mwini. Tom samadziwa! Kuntchito anthu sauzana zonse. Anachita zimene mayi anamukakamiza kwa miyezi, kubweretsa mnyamata, zitalephereka akumutcha wodzikonda wokhala m'maloto. Amanda, mwini wake wa anyamata 17, amene walandira mlendo atavala diresi lake lachikasu la pa utsikana, maluwa m'manja, ndi amene akuuza mnzake kuti amakhala m'maloto. Ine pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene Tom anaswera tambula n'kutuluka.

Tadala: Pali chinthu china chimene chakhala chikundivuta chiwerengereni. Nthawi yonse imene Jim ndi Laura ali pabalaza, Tom ali kukhitchini ndi mayi ake, akutsuka mbale. Sanamve zimene anakambirana. Sanaone kuvina, sanaone nyanga ikuthyoka. Laura si munthu woti akanadzamufotokozera zonsezo. Nanga ngati seweroli ndi zokumbukira za Tom, gawo lalitali kwambirili walitenga kuti? Ine ndikuganiza kuti walipeka. Ali kutali, zaka zapita, chikumbumtima chikumudya, ndiye akumupatsa mlongo wake usiku umodzi umene mwamuna amene ankamukonda anamuuza kuti ndi wokongola. Koma ngakhale m'kupeka kwakeko sakutha kunama mpaka kumapeto, Betty akutulukirabe. Ngati zili choncho, wodzinamiza wamkulu m'nyumba ya a Wingfield si Amanda kapena Laura. Ndi amene akutifotokozerayu, ndipo akudziwa.

Aphunzitsi a ku Dedza: Tadala, ndaphunzitsa mabuku zaka zambiri, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera. Ikugwirizana ndi zimene Tom akunena potsegulira, kuti iye ndi wosiyana ndi wamatsenga wa pasiteji: wamatsenga amakupatsa bodza looneka ngati zoona, iye akutipatsa zoona zovala chovala cha bodza. Williams analembanso kuti siteji ikhale ya kuwala kochepa, ndi kanyimbo kobwerezabwereza, ndipo anafuna kuti pakhoma pazionetsedwa mawu ndi zithunzi, ngakhale kuti oyamba kuliseweretsa anazisiya zimenezo. Sankafuna kuti tiiwale kuti tili m'mutu mwa munthu. Koma ndisiyane nawe pang'ono. Kupeka kotero ine sindikutcha kudzinamiza. Amanda akamakamba za Blue Mountain amatuluka wopepukidwa. Tom akamakamba za usiku umenewu akudzitsegula bala.

NaPhiri: Bala lake likumuthandiza chiyani Laura, aphunzitsi? Akuti amayenda m'mizinda yachilendo, akaona timabotolo ta mafuta onunkhira pawindo la sitolo amamva ngati mlongo wake wamugwira paphewa, ndiye amathamangira kukanema kapena ku bala kuti aiwale. Ndamumvera chisoni, zoona. Koma pomaliza akumupempha Laura kuti azimitse makandulo ake. Amene anazimitsa magetsi ndi iye, tsopano akufuna kuti kuwala kotsalako azimitse mwini wake, kuti iye apeze tulo. Ngakhale bambo anga mwina ankatikumbukira ku Halale kuja. Kukumbukira kwawo sitinadye.

Kondwani wa ku Joni: Amayi, mawu amenewo andilasa. Ine ndili ndi mlongo wanga kumudzi amene amadwala khunyu, amakhala ndi mayi. Ndimatumiza mwezi uliwonse, sindinadumphitsepo. Koma papita zaka 4 ndisanapite, ndipo ndikaimba foni ndimafulumira kudula mayi akayamba madandaulo. Ndimadziuza kuti ndine wosiyana ndi Tom chifukwa bilu ndimalipira. Koma tsiku limene ndinakwera basi, chimene ndinamva mumtima sichinali chisoni. Ndinamva kupepuka. Ndiye ndikamamuikira kumbuyo Tom, ndikudziwa chimene ndikuteteza. Maganizo anga sanasinthe, anayenera kuchoka. Koma ndavomera za magetsi.

NaPhiri: Inu mumatumiza achimwene, musadziike pamodzi ndi otchona. Mayi akayamba madandaulo aja, asiyeni amalize. Nthawi zambiri safuna yankho.

Mayi a Yami ku Leeds: Tonse tili kunja kuno tikudziwa kupepuka kumene mukunenako a Kondwani, kungoti sititchula. Ndionjeze kachinthu kamodzi. Filimu ya mu 1950, imene Jane Wyman anasewera Laura ndipo Kirk Douglas anali Jim, inasintha mathero kuti Laura aoneke ngati wapeza mnyamata wina. Williams sanakondwere nayo. Amene mukufuna kuonera, sakani ya mu 1987 imene anakonza Paul Newman, Joanne Woodward ndi Amanda, John Malkovich ndi Tom. Imeneyo inatsata sewero.

Tadala: Ine ndikufunsabe za kahatchi kothyoka nyanga kaja. Laura akumupatsa Jim kuti kakhale chikumbutso, atangomva za Betty. Ena amati wagonja, wapereka chimene ankachikonda koposa chifukwa palibenso chotsala. Ine ndikuona mwina. Ndi chinthu chokhacho m'sewero lonse chimene Laura wachita mwa kufuna kwake, popanda womutuma. Sanapereke kahatchi kabwinobwino, wapereka kamene Jim wathyola, kuti apite nako kwa Betty m'thumba. Sanamunyoze, sanalire pamaso pake, koma sanamulole kuti atuluke chimanjamanja ngati palibe chachitika.

Mbewe wa ku Chipata: Mwina zonse ziwiri. Pambuyo pake akupita kukapukusa galamafoni, kubwerera kumene amabisala.

NaPhiri: Ine Loweruka ndikufuna tikambe za m'mawa wotsatira, umene wolemba sanationetse. Magetsi ndi odulidwa. Madola 65 aja posachedwa asowa. Chatsala ndi foni ya magazini ndi kantchito ka Amanda kusitolo ya Famous-Barr. Ndikudziwa amene adzuke kukapempha kampani yamagetsi kuti iwadikire, atavala chipewa chake chakale ndi chikhoti chotha chija, ndipo akafika kumeneko alankhula mokoma ngati mwana wa bwana wa ku Mississippi mpaka kalaliki atopa naye. Ameneyo ndi amene ndikufuna timuwerenge mokweza.

Aphunzitsi a ku Dedza: Zatheka. Loweruka 5 koloko madzulo nthawi ya kwathu kuno, tiwerenga pa foni mogawana. Mayi NaPhiri mutenga Amanda, Tadala utenga Laura, a Mbewe mutenga Jim popeza mwamuikira kumbuyo. Mayi a Yami mutiwerengera malangizo a pasiteji ngati shifiti ilola. A Kondwani, Tom ndi wanu mukavomera.

Kondwani wa ku Joni: Ndavomera aphunzitsi. Koma Loweruka ndimaweruka 5 koloko yomweyo, ndipo pofika kunyumba papita mphindi 40. Muyambe ndi gawo 2, la amayi ndi Laura pa nkhani ya sukulu ija. Tom mulibe mmenemo, ndikupezani.